Nyimbo ya Mzere wa Buledi ndi Yanga

Ine, Lameki Chisale, wa zaka 34, wa m'mudzi mwa Kaphuka ku Dedza, kwa makolo anga, ndimakhala ku Tafara, kuno ku dziko la olankhula Chishona, ndipo ndimasoka nsapato pa siteji ya makombi, maminibasi a kuno. Ndaitanidwa ngati mboni pa mlandu wa Elliot Nyirenda, amene ali m'chitokosi chifukwa cha nyimbo yotchedwa "Mzere wa Buledi".

M'mwezi wa Meyi chaka chino cha 2008, ndinaima pamzere wa buledi kuyambira m'mawa mpaka masana. Buledi anathera kukhomo la kuseri, m'magalimoto a mabwana. Nditabwerera pa ntchito yanga ndinapeka mawu akuti, "Ife pamzere, iwo kuseri, njala ilibe khadi la chipani." Maimbidwe ake ndi amene malemu bambo anga ankaimba posankha fodya ku famu, tisanathamangitsidwe. Elliot anali pomwepo, ndikumusokera nsapato yakumanzere.

Loweruka lapitali tinali kumanda, kuika mayi wina wa m'bungwe lathu la maliro. Masiku ano anthu amasonkhana momasuka pamaliro pokha. Pokwirira manda, Elliot anaimirira ndi gitala wobwereka n'kuyamba nyimbo yanga. Anaithamangitsa ngati ya paukwati, Chichewa chakenso chopindikira ku Chishona. Munthu wobadwira m'tauni, fodya amangomudziwa posuta! Koma anthu anaivomera, amayi n'kumalira.

Ndinali pafupi, fosholo ili m'manja. Evelyn Gondwe, amene ndinamufunsira mbeta chaka chatha, anavula mpango wake n'kumupukuta Elliot thukuta. Ananena kuti, "Achimwene, mwatilankhulira tonse." Dzina langa silinatchulidwe.

Lolemba apolisi anamutenga Elliot. Chiyambire tsikulo, m'makombi akungoti Elliot ndi mwamuna, Elliot saopa. Evelyn amayenda wapansi tsiku lililonse kudzamupatsira mbatata yophika kuno kupolisi, pamene ine chiyambire sanandipatseko ngakhale madzi akumwa. Zikundiwawa, bwana, sindibisa.

Mwandiuza kuti Elliot wavomera kuti anapeka yekha. Bodza lenileni! Mufunseni ndime yachitatu, muone ngati atsegule pakamwa. Sakuidziwa, chifukwa tsiku lija ndinamaliza kusoka nsapato yake ndisanafikepo. Ndimeyo imati, "Mwana wanga walawa dothi, wa bwana wataya nyama."

Bwana amene akulemba umboniwu aimitsa cholembera kawiri, kundichenjeza kuti wopeka nyimboyi ndiye akufunidwa kwenikweni, ndipo kuti ndikangoti sindikudziwa kanthu ndipita kunyumba. Ndamva. Lembanibe, ndipo dzina langa mulilembe bwinobwino: Chisale, osati Chisare.

Elliot mumutulutse, alibe mlandu, alibenso nyimbo. Evelyn akabwera mawa ndi mbatata, mumuuze kuti mwini nyimbo ali mkatimu.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, ndipo andiwerengera ndavomereza.

Wosaina: Lameki Chisale