Timitengo ta M'dziwe la Kasambo

Olemekezeka apampando a komiti ya sukulu, Mayi Tabeth. A khansala athu, Bambo Josiah. Bambo Boyd, eni loji yatsopano ya alendo, amene mwatibweretsera zithunzizi. Aphunzitsi, masikauti, asodzi ndi makolo nonse a kuno ku Kakumbi: mwaswera bwanji?

Ndikuthokoza pondiitana ine Langford, sikauti woteteza nyama wopuma ntchito, kudzatsegula chionetserochi. Akuti mzungu wina wapaulendo anamanga tenti pa dziwe lathu la Kasambo zaka zoposa zana zapitazo, najambula ndi utoto wa madzi zimene anaona. Luso anali nalo, sindikana. Mvuu zake zikuchita ngati zikupuma.

Koma mtima wanga sunakhazikike. Bambo Boyd, mwezi watha munapempha boma kuti mutchinge dziwe lomweli, asodzi asapondekonso, mwezi uno mwatikonda mpaka kutipatsa zithunzi, ndipo pansi pa chilichonse mwalemba kuti, "Malo amene munalibe munthu." Zinthu ziwirizi zatsatana kwambiri.

Nditangoyamba ntchito m'nkhalango ya nyama, bwana ankatituma kukazula mipanda ya nsomba. Tsiku lina ndinazula wa amalume anga a Japhet, iwo ataima pamtunda. Sanakalipe. Anangoti, "Zula bwino, mwana wa mlongo wanga, ungabayike." Manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo.

Choncho mpanda wa nsomba ndimaudziwa, ngakhale wojambulidwa. Mukalowa muone chithunzi chachitatu, kumanzere kwa tenti, timitengo tandanda m'madzi. Mwalemba kuti ndi bango. Bango silimera pamzere, ndipo silisiya mpata wotcherapo mono. Anazika ndani? Mvuu? Musaseke, amayi, ndikufunsa ndithu. Nanga nsomba ili pamoto wa mzunguyo, anaivuula ndi burashi? Kaya mzunguyo anthu anawasiya dala osawajambula kapena utoto unamuthera, sindidziwa. Koma ntchito ya manja awo anaijambula yekha.

Tsono pakhomo apo pali pepala, akuti ndi la alendo. Lili m'Chingerezi, ndipo ine ndaliwerenga mpaka pansi: aliyense woikapo dzina akuvomereza kuti makolo athu sanasodzepo pa Kasambo.

Lowani nonse, asodzi patsogolo, muone bwinobwino, manja kumbuyo. Mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chionetserochi ndachitsegula. Cholembera cha pakhomocho musachifunefune, chili m'thumba mwangamu.

Zikomo kwambiri.