Dzanja langa kuseri kwa katani

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Fackson Mwanza wa ku Nangongwe, ndipo ndikufuna mumve mmene ndinapulumukira ku khansa ya pulositeti, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo. Ndikulemba mtima udakali wowawa, musadabwe.

Matendawa anandigwira chaka chimene fakitale yathu inagulitsidwa, ife n'kutichotsa ntchito, chipatala cha kampani n'kutsekedwa. Mkodzo unkangodontha. Paulendo wa ku Lusaka ndinkaimitsa minibasi kawiri, kondakitala akunditukwana pamaso pa anthu.

Kukiliniki yathu, woyeza amuna anali mmodzi yekha, Mweemba, mwamuna wa mwana wanga Esnart. Ukwati wawo ndinaukana mpaka kumapeto, ndipo munthuyo sindinkafuna ngakhale kumva dzina lake. Tsono kuyeza kwake kunali kolowetsa chala kumbuyo. Ine, mpongozi, kuvula pamaso pa mkamwini? Ndinalumbira kuti bola maliro.

Kugulu la amuna kutchalitchi nkhaniyi tinkakangana nayo sabata ndi sabata. Ena ankati tiziyezetsa msanga. Koma a Chanda, mkulu wa mpingo, ankamenya tebulo: "Ma test aya ni business chabe! Bakakupeza nayo bazakucheka, umuna wasila. Benangu bamakalamba nayo bwino bwino osaziba. Chikhulupiriro chanu chili kuti?" Ine ndinkawomba m'manja kuposa onse, chifukwa mawuwo ankabisa manyazi anga. Anthu amenewa anatsala pang'ono kundiika m'manda akuimba aleluya, ndipo nane ndinkawathandiza kukumba.

Nditayamba kukodza magazi, pemphero langa linali lamwano. Ndinauza Mulungu kuti ngati njira ndi mnyamata uja, anditenge basi.

M'mawa wina Mweemba anafika, nakhala pansi pakhonde, ine ndili m'chipinda. Analankhula ndi mkazi wanga, koma mokweza kuti ndimve: "Ba mayo, bauzeni batata kuti ku Lusaka kwabwela test ya manje ya magazi. Sibazavula chilichonse. Nifuna chabe kwanja."

Ndinakwiya kuti wandipezera njira. Kenako ndinatulutsa dzanja pa katani ya pakhomo. Anatenga magazi osandiona nkhope, n'kukwera nawo minibasi pa tsiku lake lopuma.

Magaziwo sananene zonse, anangochenjeza. Dokotala wachilendo ku Lusaka ndiye anandiyeza zonse zotsala, napeza khansa isanafalikire. Anandichita opaleshoni. Sindikunamizani, zina zimene a Chanda ankaopa zinachitikadi, mphamvu za m'nyumba zinachepa. Koma ndikuyenda ndi miyendo yanga kumsika, ndipo iwo mpaka lero amandilozera kuti ndine wopanda chikhulupiriro. Alozere, ine sindidzawomberanso m'manja mantha a munthu wina.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanamvere pemphero langa lopusa lija. Amuna anzanga, musataye mtima ndipo musafe ndi manyazi. Pempherani, mufunse madokotala ubwino ndi kuipa kwake, musankhe nokha mukudziwa.

Chatsala chimodzi chimene mwambo sundilola kunena maso ndi maso, ndiye ndachilemba pano. Esnart mwana wanga, ukamuwerengere mwamuna wako mawu awa: ndinakulakwira, Mweemba, ndipo moyo umene ndili nawowu unadzera m'manja mwako.