Patsogolo Pali Madzi

Lachiwiri m'mawa, woyeza malo wa ku ofesi ya mapulani anafika ndi mapu pa shedi ya apongozi ake, mmisiri wokhoma maboti. Nyanja inali itatsala pang'ono kulowa pakhomo, ndipo mkazi wake anali atamuuza kuti asabwerere kunyumba bambo akewo asanavomere kusamuka.

"Bambo, nyanja ikudya gombe," anatero mkamwiniyo akuyala mapu pamsana pa boti.

"Idye. Ine ndadya kale."

"Shediyi ibwerere m'mbuyo, kuchitunda uko. Msewu ndi msika watsopano zikubwera komweko."

Mmisiri anaika nyundo pansi. "Mwati m'mbuyo?"

"M'mbuyo, bambo."

"Akamwini, pamsonkhano paja mabwana anu anati chitukuko n'chiyani?"

"Anati ndi kupita patsogolo."

"Basi. Ine sindingabwerere m'mbuyo ndi imvi zonsezi."

"Koma patsogolo panu pali madzi."

"Ndimakhoma maboti. Mumafuna pakhale chiyani, mbuzi?"

Mkamwini analoza pa mapu. "Mzere wabuluuwu ndi pamene nyanja inkalekezera chaka chimene ndinakwatira mwana wanu. Wofiirawu ndi lero."

Mmisiri anaika chala pakati pa mizereyo. "Aa. Mwandisiyitsa ntchito chifukwa cha kachala kamodzi?"

"Si chala, bambo, ndi masentimita awiri. Pa mapuwa sentimita imodzi ndi mamita khumi."

"Ndiye mapu anuwo ndi abodza, kawabwezeni kumene munagula. Shedi yanga ili pati?"

Mkamwini anatulutsa pepala lina. "Apa."

"M'madzimo?"

"Awa ndi a chaka chamawa."

"Kodi mwandimiza kale? Mwana wanga akudziwa zimenezi?"

"Ndi amene anandigwirira rula."

Mmisiri ananyamula mpando wake, n'kuutembenuza, n'kukhala moyang'ana zenera la kuseri. "Ndakufulatirani. Lankhulani ndi msanawu."

Mkamwini anayang'ana msanawo, anayang'ana mapu, kenako zenera.

"Bambo, ndikonze mawu anga. Mmene mwakhaliramu, chitunda chija chili patsogolo panu."

"Musandinyengerere."

"Sindikunyengererani. Kumpoto sikusuntha, koma patsogolo pamatengera kumene kwaloza mphuno."

Mmisiri anasuzumira pazenera.

"Nanga nyanja?"

"Ili m'mbuyo mwanu."

Pomwepo funde linalowa pansi pa chitseko, linakankha tizipalo ta matabwa, n'kunyambita zidendene za mmisiri. Mkuluyo anakweza mapazi osatembenuka. Anayang'ana chitunda chija nthawi yaitali ndithu.

"Msewuwo ndi wa tala?"

"Wa miyala, bambo. Tala ndi gawo lachiwiri."

"Ho. Tanyamulani sowo ndi chitini cha misomali. Nyundo ndigwira ndekha, inu mungaiyeze."

"Tikupita kuti?"

"Patsogolo, akamwini, ndipo fulumirani. Vuto lanu anthu a mu ofesi, mumakonda kukokera anzanu m'mbuyo."