Mafuta a m'chiwindi andifika pamtima

Moni omvera anzanga. Ndine mayi wa ku Bowe, ndimalima fodya ndi mtedza. Mowa sindimwa, choncho adokotala atandiunika m'mimba n'kunena kuti chiwindi changa chachuluka mafuta, ndinangoseka. Iwo sanaseke. Anandimata timawaya pachifuwa, makina n'kulemba mizere yokhotakhota papepala.

"Mayi, kagundidwe ka mtima wanu kayamba kusokonekera. Mavuto awiriwa amakonda kuyendera limodzi."

"Koma adokotala, ine sindimva kupweteka paliponse."

"Kuopsa kwake n'komweko," anatero.

Masiku ano ndikamakwera chitunda cha kumunda ndimaima panjira, dzanja pachifuwa, kumvetsera ngati mtima ukugunda bwino. Mwana wanga womaliza akadali ku pulayimale, ndipo sindinamuuze kanthu. Anzanga, kayezetseni mukadali ndi mphamvu zoyenda nokha.