Chitsulo Chinanditsikira Pachifuwa, Wondipulumutsa Ndinamukayikira

Moni abale ndi alongo. Ambuye alemekezeke. Ine ndine Yotamu, wa kuno ku Katete, uja wowotcherera mageti kuseri kwa msika. Zaka zambiri ndinkachita nawo mipikisano yonyamula zitsulo zolemera.

Mphamvu ndinali nazo. Mtendere ndinalibe. Ndinkakayikira aliyense. Mnzanga akandipatsa madzi, ndinkataya. Akandiyamikira, ndinkati akufuna kundigwetsa.

Ndiye kunabwera a Zakeyo, mlimi wa thonje wa ku Sinda, munthu wosalankhulalankhula. Anandiposa kawiri. Ine ndinati ayi, munthu wamba sanganyamule chonchi. Ndinayamba kuuza anthu kuti amadzibaya jekeseni yowonjezera mphamvu. Kwa ena ndinati anakatemera mphini kupyola ku Vubwi. Kodi ndinaona? Sindinaone kanthu, abale. Koma ndinalankhula, ndipo mawu anayenda.

Tsiku lina mpikisano unali konkuno. Tinafika pa kunyamula kuja munthu utagona chagada pa benchi. M'mbali mumaima anthu oti agwire chitsulo ukalephera. A Zakeyo anadzipereka kuima nawo.

Ndinati, "Chokani pamenepo. Nonse imani patali."

Anasendera. Ndinatsitsa chitsulo pachifuwa. Pokankha, mkono wamanzere unakana. Chitsulo chinandipsinja, chikugubuduka kulowera kukhosi. Mpweya unatha. Enawo anazizidwa, koma a Zakeyo analumpha, nachinyamula okha. Mnofu wa phewa lawo unang'ambika pomwepo. Mpikisano umene akanapambana anausiyira panjira.

Mukuganiza kuti ndinathokoza? Ayi. Ndili gone m'chipatala, nthiti ziwiri zothyoka, mumtima ndinkati: ndi iwowa anandimanga mkono, kuti adzaoneke abwino pamaso pa anthu.

Nditatuluka, mvula inali itagwa, udzu utadzaza m'munda wathu wa nsawa ku Mkaika. Mkazi wanga, amake Tisa, anabwera tsiku lina nati, "A Zakeyo abwera ndi azibale awo awiri, akutipalira."

Ndinati akukwirira kanthu m'munda mwanga. M'mawa mwake ndinakwera minibasi, chifuwa chikuwawa. Nditafika ndinagwada m'malire a munda, ndikufukula dothi ndi zala. Ndinafukula apa, ndinafukula apo. Munthu wamkulu, wobatizidwa, kufukula ngati nkhuku!

A Zakeyo anandipeza momwemo, mkono uli pansalu yokolowekedwa m'khosi.

"Mukufuna chiyani, a Yotamu?"

"Chimene mwakwirira."

Anandipatsa khasu. "Kumbani ndi ili, zala zingapweteke."

Sindinalilandire. Anakhala pansi pamzere, nati, "Zonse munanena ndinazimva. Mkazi wanga analira. Akulu a mpingo anandiitana kuti ndivule shati aone mphinizo. Zinandiwawa, sindinama. Koma chitsulo chikafika pakhosi pa mnzako, sufunsa kuti ananena chiyani."

Abale, ndinayang'ana maenje amene ndinakumba. Munalibe kanthu. Choipa chonse chinali mwa ine. Ndinalira m'munda muja, azibale awo akupalira osaticheukira.

Sabata yotsatira ndinapita ku Sinda. Ndinaima pamaso pa mpingo wawo ngati momwe ndaimiramu. Ndinati zajekeseni ndinanama, zamphini ndinanama. Manyazi anali olemera kuposa chitsulo chilichonse, koma ndinanena.

Lero sindipikisananso, chifuwa sichilola. Loweruka lililonse timaphunzitsa anzathu kunyamula zitsulo kuseri kwa shopu yanga, a Zakeyo akuwerengera, ine ndikukonza zitsulo. Sindingakunamizeni kuti kukayikira kunatheratu. Kumabwerabe. Kukabwera ndimapemphera, kenako ndimapita kukamufunsa munthuyo maso ndi maso, ndisanauze wina.

Ndikuthokoza Mulungu pondisiyira moyo. Ndikuthokoza amake Tisa pondipirira. Ndipo mukamapemphera, muziwakumbukira a Zakeyo. Mkono wawo mpaka lero sukwera kupyola phewa, ndipo sanandikumbutsepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ameni.