Wotchi ya a Saulosi

Bwana Kazembe, akuluakulu a ofesi yathu, a Saulosi ndi akazi anu mayi Norah ndi ana, madalaivala anzanga, ndakulonjerani nonse. Ndine Medson, kwa amene simundidziwa. Azungu ndi anzathu a ku South America amene mwakhala kumbuyoko, Levy akumasulirani. Levy, usawonjezere zako.

Sabata yatha a Saulosi, dalaivala mnzathu amene akupuma ntchitoyu, anandiuza mawu amene andisowetsa tulo. Anati, "Medson, ine ndikapita kumudzi mpira uja ufa." Yankho ndabwera nalo lero.

Achinyamata simudziwa chiyambi chake. Kuli chikho chimene akatswiri a ku Ulaya amalimbirana ndi akatswiri a ku South America. Kale ankasewera kawiri, kwanu ndi kwathu. Koma unali mpira wa mateche ndi zigongono, mpaka matimu ena a ku Ulaya anayamba kukana ulendowo.

Nkhondo imeneyo inafika pa Massachusetts Avenue pano, msewu wa maofesi a akazembe a mayiko. Mabwana ali m'kati pa phwando, ife tili panja kudikira, nkhani ndi chikho basi. Tsiku lina mu 1974 madalaivala awiri, wina wa ku Ulaya wina wa ku South America, anagwirana m'makolala. A Saulosi analowa pakati, nati, "Ngati muli ndi mphamvu, Loweruka tikakumane pa bwalo ku College Park."

Woimbira anasowa. Mbali zonse zinati akhale Mmalawi yemweyo, poti alibe mbali. Bambo awa anafika atavala suti ndi tayi, wezulo ataiwala kunyumba ku Woodbridge. Anaimbira ndi likhweru la kubusa. Osewera sanaime, koma agalu onse a m'deralo anabwera!

Tsono wotchi yawo. Ku ntchito sinaphonyepo, Bwana Kazembe ndinu mboni. Koma ikafika pa bwalo imadwala. Timu ina ikamatsogola, nthawi siitha. Anthu malilime ali panja, mayi Norah aimba hutala mpaka kutopa, a Saulosi akungoyang'ana pamkono, "Yatsala pang'ono." Enawo akangobweza chigoli, pomwepo pyee! Kuyambira 1974 mpaka chaka chathachi, 1987, palibe anapambanapo.

Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Lolemba anthuwa akaima pa msewu umodzi, m'chisanu chimodzi. Galimoto ya wina ikakana kulira, akankhe ndani?"

Mu 1975 ndi mu 1978 chikho chenichenicho sichinaseweredwe n'komwe. Chathu chinaseweredwa. Eni ake anachita kusamukira ku Tokyo, kumene kulibe mwini bwalo, kuti mpira ukhale mpira. Ife Tokyo wathu tinali naye kale, wovala tayi.

A Saulosi, ine ndinafika kuno ndili ndekhandekha, msewu wa I-95 ukundiopsa. Munakhala pambali panga mpaka ndinauzolowera. Bambo anga atamwalira ndinalephera kupita ku maliro. Munabwera ndi madalaivala a mbali zonse ziwiri, n'kukhala pansi m'nyumba mwanga monga timachitira kwathu. Ena sankadziwa n'chifukwa chiyani tikungokhala chete, koma anakhala. Sindidzaiwala, ndipo ndikusowani kwambiri.

Tsopano yankho lija. Onani kumbuyoko. Awiri amene akhala pa benchi imodziwo, a imviwo, ndi omwe aja anagwirana m'makolala. Dzulo anabwera kwa ine limodzi. Akuti Disembala mpira ulipo, woimbira ndine. Koma andipatsa lamulo limodzi: ndisayerekeze kubwera ndi wotchi yanga, chifukwa imayenda bwino.

Ndiye bambo, mphatso takupatsani, koma nafenso tikupempha. Vulani wotchiyo mutisiyire. Kumene mukupita simuifuna, mukadzuke nthawi imene thupi lafuna, mayi Norah asakaimbenso hutala.

Ee, akuvuladi. Mayi, athandizeni kumasula lamba wake.

Zikomo, bambo. Ndailandira ndi manja awiri. Ndipo poti inu mwatichitira zambiri ife sitinabweze n'chimodzi chomwe, mukudziwa lamulo lanu: zigoli zisanafanane, wezulo womaliza sindiimba.

Pitani mukapume bwino. Anzanga, tiimirire, tiwaombere m'manja a Saulosi!