Tsiku limene Tisa anageya paphewa panga

Kale, Chawama isanadzaze nyumba mpaka kusowa poyanika zovala, ine ndinali ndi kamsasa kanga komatirapo machubu a njinga pafupi ndi msika, ndipo agogo anu aakazi anali atangobereka Tisa, mayi ako iwe Yohane. Isiyeni kaye pampuyo anyamata, nkhaniyi ndi ya mnzanuyu Yohane amene wabwera ndi maso ofiira kuti khanda lake silikumugonetsa.

Tisa ankati akangomaliza kuyamwa nkuyamba kulira, kamimba kali ndi, timiyendo atatipinda, nkhope yonse piriwiri. Azakhali a mkazi wanga, amene anachokera ku Katete kudzathandiza pachikuta, anayang'ana mwana, nkuyang'ana ine, basi mlandu watha: ati ndamutsempha. Inu a lero simuzidziwa izi, koma nthawi imeneyo ankati bambo akayenda ndi mkazi wina mwana ali wakhanda, mwanayo amatupa. Ine wokhalira guluu ndi beseni lamadzi tsiku lonse, chibwenzicho ndikanachita ndi ndani, ndi tayala? Ndinakana, koma sanandimvere. Anandiletsa kugwira mwana, ndipo anauza mkazi wanga kuti amange katundu, Loweruka apita naye kumudzi kuti mwana akamwe mitsitsi. Agogo anu analeka kundiyang'ana m'maso, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mawu a azakhali.

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tidzere kaye kukiliniki. Kumeneko namwino anamupima Tisa, napeza kuti thupi silikutentha, kenaka anati mwana ayamwe iye akuona. Anatchera khutu, nkutifunsa ngati tikumva kaphokoso komwe kakutuluka pamilomo. Anati mwana wagwira nsonga yokha ya bere, milomo sinamate bwino, ndiye akumeza mpweya pamodzi ndi mkaka. Anatinso mkaka ukamatuluka mwamphamvu khanda limameza mothamanga, ndipo mukadikira kuti lilire kwambiri musanaliyamwitse, polirapo limamezanso mpweya wina, pomwe matumbo ake akadali anthete. Ine kukamwa kunangoti yasa. Moyo wanga wonse ndimagwira ntchito ndi mpweya, kabowo kachubu ndimakamva ndi tsaya, koma sindinaganizepo kuti mpweya womwewo ungatsekeredwe m'kamunthu kosakwana mkono wanga.

Kenaka namwino anatenga mwana nkulunjika kwa ine. Azakhali anayamba kudandaula kuti manja anga ndi otentha chifukwa cha chibwenzi ankandinamizira chija, koma iye anangoti, "Batate, nyamulani mwana wanu. Mumuimike apa paphewa, mumusisite kumsana pang'onopang'ono."

Ndinamuimika paphewa, anyamata. Kamutu kake kanatsamira pakhosi panga, kofunda, ndipo ndinasisita, nkusisitanso. Mwadzidzidzi Tisa anageya, kugeya kwa bambo wamkulu amene wamwa botolo lathunthu la munkoyo, mpaka mayi wina pabenchi anatembenuka. Kamimba kaja ndinakamva kakufewa pachifuwa panga, ndipo kulira kunatha, mwana nkugona pomwepo. Mpaka lero ndikakumbukira tsitsi limandiimirira, kuti chimene chikanapasula banja langa chinali kampweya kosakwana nkufufumitsa tsaya. Nditakweza mutu ndinapeza agogo anu akundiyang'ana m'maso, misozi ili mbwembwembwe. Loweruka lija azakhali anakwera basi okha, ndipo katundu wawo ndinawanyamulira ndine.

Lero muli ndi mafoni, mwana akangolira mwathamangira kugula timabotolo tamankhwala kumsika wa Kamwala, koma mimba ya khanda ndi yomwe ija, sinasinthe. Mayi amuyamwitse asanalire kwambiri, mutu uli m'mwamba kuposa mimba, kamwa litadzaza bere. Akamaliza mugeyetse, ndipo mimba ikalimba mugoneke chagada, umusisite mofatsa, uyendetse timiyendo ngati akupalasa njinga mpaka aphwise. Usamumwetse madzi kapena mitsitsi, koma akatentha thupi, akakana bere kapena kusanza kosalekeza, thamangira kukiliniki, usakhale ukufunafuna woti umuloze chala.

Tsopano nyamuka Yohane, machubu otsalawa anzako amata. Pita ukamutenge mwanayo kwa mayi ake, umuike paphewa wekha. Ine ndinachita kudikira namwino kuti andipatse mwana wanga, koma iwe palibe amene wakuletsa.